Agalu Asanu ndi Awiri Opanda Chizindikiro

Mu ofesi ya adokotala akulu muli mpando wabwino wa khushoni umene bungwe linagula zaka zinayi zapitazo. Pulasitiki yake sinachotsedwe mpaka lero. Pamakhala makatoni a magolovesi, nthawi zina mphaka wochira, koma eni ake palibe anawaonapo atakhalapo. Tiyi amamwa choimirira, foni amayankha akuyenda, ngakhale pemphero lam'mawa amalinena uku akumanga zingwe za epuloni. Pamaso anzawo amawatchula kuti Adokotala, koma akangopotoloka ndi a Kamvuluvulu. Dzinalo amalidziwa, kungoti alibe nthawi yokwiya nalo. Malemu amuna awo ankati, "Mayi, tsiku lokuikani m'manda tidzachita kukugwirani anthu anayi kuti mugone." Anatsogola ndi iwowo, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso wina wowauza kuti akhale pansi.

Chipatala cha ziweto chimene amatsogolera n'cha bungwe losafuna phindu. Chili m'nyumba imene kale ankasungiramo matayala, ndipo kukatentha fungo la labala limatulukabe m'makoma. Kumabwera anthu amene ku zipatala zodula za ziweto amangothera pageti: alonda, amayi ochapa zovala, agogo a kamphaka kamodzi. Munthu amapereka chimene angathe.

Ogwira ntchito alipo anayi. Kuwonjezera pa Adokotala pali wachiwiri wawo, bambo wa imvi zoyambirira amene anayamba ndi uphunzitsi n'kudzaphunzira za ziweto atakula kale. Amachita chilichonse mofatsa, ngati akuponda mazira, n'chifukwa chake anapatsidwa dzina loti a Bilimankhwe. Pali Anamwino, amene amagonetsa nyama ndi kuwerenga kugunda kwa mtima, mayi wa pakamwa posatopa. Ndiye pali Amalume, malume a wina aliyense, amene amagwira agalu, kuwiritsa zitsulo ndi kukolopa. Amalume ndi okhawo amene analipo pachiyambi, chipatala chikadali tenti ndi galimoto yobwereka.

Malamulo a Adokotala ndi ochuluka, koma lalikulu ndi limodzi. Galu kapena mphaka wamkazi akachotsedwa chiberekero, asanatsike patebulo amalembedwa kamzere ka inki yobiriwira pamimba, pafupi ndi bala, kolowa m'khungu kosafufutikanso. Chipsera chimazimiririka, galu wamumsewu amasintha eni, ndiye kamzereko ndi kamene kadzauze dokotala wina kuti muno anadutsamo kale, musatsegule. Anamwino anaiwalapo kamodzi, ndipo zimene anamva tsikulo zinawaliza mpaka kukabisala kuchimbudzi. Anthu ankangoti Adokotala ndi okhwimitsa zinthu mwachibadwa.

Lachisanu ndi tsiku lotseka nyama zazikazi ndi kufula zazimuna. Lachisanu limenelo pamndandanda panali nyama makumi awiri ndi zitatu, ndipo dzuwa lisanakwere khonde linali litadzaza kale ndi madengu, makatoni olira ndi zingwe zokolana. Chakumapeto kwa benchi kunakhala bambo wosoka nsapato, zala zakuda ndi guluu, galu wamkazi wa pakamwa potuwa atatsamira bondo lawo.

"Dzina la galu?" anafunsa Anamwino.

"Kasitomala."

"Ati ndani?"

"Kasitomala, asisi. Anangofika tsiku lina n'kukhala pogwirira ntchito panga ngati wabweretsa nsapato. Ndinadikira kuti avule. Lero miyezi isanu, sanavulebe."

Nkhani yawo inali yakuti eni nyumba anakana galu wamkazi pabwalo. Ankati galu wamkazi ndi msonkhano wa agalu amuna. Pofika Lolemba aone pepala lakuchipatala losonyeza kuti watsekedwa, apo ayi galuyo achoke.

"Ana anga ali kutali, mayi awo anapita," anatero bambowo. "Uyu ndiye amandimvera ndikamalankhula. Musandiwonongere, ndapota nanu."

A Bilimankhwe anamugoneka galuyo chagada, anameta mimba, n'kumvetsera mtima kwa nthawi yaitali moti Adokotala anadutsa pakhomo katatu.

"Achimwene, mukumvetsera mtima kapena wayilesi?"

"Mtima uwu sukundisangalatsa, Adokotala. Galuyu ndi wamkulu, mwina zaka zisanu ndi zinayi. Komanso miyezi isanu sanaonetse nyengo yake yofuna amuna. Bwanji tidikire mwezi umodzi kapena iwiri, tione?"

"Kamzere kalipo?"

"Palibe."

"Chipsera?"

"Mimba yonse ndi zipsera zokhazokha, za waya, za mano a anzake. Sindingalumbire."

"Ndiye tikudikira chiyani? Lolemba akumuthamangitsa. Mudzamusunga kwanu inuyo? Anamwino, mankhwala ochepa, timuchite msanga. Mphindi makumi awiri akhale atatsika."

Anatero akuyenda kale, ndipo mawu omaliza anamvekera kukhonde.

M'chipinda cha opaleshoni muli matebulo awiri. Adokotala anatenga la kuzenera, a Bilimankhwe la kukhoma, pamene anagonekapo Kasitomala, lilime lili lende, dilipi ili pamwendo. Manja a Adokotala ndi osangalatsa kuwaonerera. Ndi amanzere, ndipo amacheka, kumanga ndi kusoka ngati mayi wotola nsabwe m'mutu mwa mwana, osayang'ana kawiri. Anamaliza mphaka woyamba, analemba kamzere, Amalume anabweretsa wachiwiri. Anamaliza wachiwiri. Atacheuka anapeza a Bilimankhwe akadali chiweramire, kambedza kachitsulo kofufuzira chiberekero kali m'bala, thukuta likudontha pamphuno.

"Mphindi zingati?"

"Makumi awiri ndi zisanu," anayankha Anamwino. "Mtima wayamba kutsika pang'ono."

"Achimwene, mwataya chiyani mmenemo?"

"Sindikuchipeza."

"Simukuchipeza chiberekero? Galu ali ndi zipinda zingati m'mimba?"

"Ndafufuza mbali zonse, Adokotala. Ndikuganiza kuti…"

"Kuganizako n'kumene kukutiphera galu. Patukani. Kafuleni amphaka aamuna aja, kumeneko zinthu zake zili poonekera, simusochera."

Anamwino anafuna kuseka koma anameza. A Bilimankhwe anapatuka, manja ali m'mwamba kuti asakhudze kanthu, ndipo sanapite kwa amphaka. Anaima pomwepo.

Adokotala anasintha magolovesi, analowetsa kambedza, anakoka. Matumbo. Analowetsanso. Mafuta. Anatenga mpeni n'kukulitsa bala, chinthu chimene amadzudzula ena akachita. Amalume anasendeza nyale pafupi. Mtima wa Adokotala unali utayamba kuthamanga, koma osati ndi mantha, unali ukali wa munthu amene kiyi yake yakana kutsegula chitseko cha nyumba yake yomwe. Analowetsa zala ziwiri, anatsata mpaka kuseri kwa chikhodzodzo, ndipo pamenepo chala chinagunda kanthu kolimba ngati kanjere.

Anakatulutsira poyera. Kanali kachitsa kakang'ono kokutidwa ndi mnofu, pamene chiberekero chinadulidwira kalekale. Pakati pake panaonekera mfundo ya ulusi. Sunali ulusi wakuchipatala umene umasungunuka wokha m'thupi. Unali nayiloni wa asodzi, uja amamangira mbedza. Mfundoyo inali yopota chamanzere, mchira umodzi wautali, wina waufupi.

Munthu saiwala kalembedwe kake, ndipo dokotala saiwala mfundo yake.

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, chipatala chikadali tenti, ankazungulira m'misika ndi m'malo otayako zinyalala kugwira agalu opanda eni, kuwatseka, kuwabaya katemera wa chiwewe n'kuwabwezera komwe anawatenga. Mwezi wina ulusi unatha, ndipo Amalume anagula nayiloni wa asodzi n'kumauwiritsa mu ketulo. Tsiku lina masana foni inalira: mwana wamkazi wa Adokotala matenda a uchembere amuyamba, ndipo zinthu sizikuyenda bwino. Agalu asanu ndi awiri anali atagonetsedwa kale, sakanawasiya. Anawachita onse motsatizana ngati wothamangitsidwa. Botolo la inki linali m'galimoto, galimotoyo itapita kukatunga madzi. Anati, ndidzawalemba mawa. Anathamangira kuchipatala cha anthu, mdzukulu anabadwa, mayi ndi mwana anapulumuka, iwo anagwada m'khonde kuthokoza Mulungu. Pamene ankabwerera kutenti mawa lake, ogwira agalu anali atawamasula onse.

Sanauze munthu. Anangoyamba kukhwimitsa lamulo. Mdzukulu uja tsopano amawerenga yekha mabuku, ndipo chaka chilichonse akamazimitsa makandulo pakeke, agogo ake amawerenga mumtima agalu asanu ndi awiri aja.

Amalume anawerama ndi nyale ija. Nayiloniyo anamuzindikira, anamuwiritsa ndi iwowo. Anayang'ana Adokotala, kenako anayang'ana pansi, ngati munthu woti, ine sindinaone kanthu.

"Ndiye kuti anatsekedwa kale," anatero a Bilimankhwe mofatsa, opanda n'kamwano komwe. "Anthu ena ake anamuchita osalemba."

"Anthu opanda chisoni!" anakalipa Anamwino. "Kutseka galu osalemba? Manja otere ofunika kuwamanga kumbuyo. Koma akanakhala pano, Adokotala, mukanawameza amoyo."

Khomo lothawira linali lotseguka, ndipo anzawo anali atawatsegulira okha. Kungogwedeza mutu basi, nkhani ikanathera pomwepo.

"Manjawo ndi awa," anatero Adokotala. "Mfundo iyi ndi yanga. Amalume akudziwa."

Anamwino anatsegula pakamwa, koma chimene chinatulukamo chinali china. Anali atakweza mlomo wa galu.

"Nkhama zayera! Mtima watsika kwambiri!"

"Tsekani mankhwala ogonetsa. Tsegulani dilipi yonse. Achimwene, jakisoni wa mtima. Amalume, nyale apa!"

Liwiro lomwe linawalakwitsa ndi lomwe linafunika tsopano. Anasoka mkati, anasoka pakati, anasoka khungu, singano ikungoti phethi phethi. A Bilimankhwe, amene anthu amati sadziwa kufulumira, anali atabaya kale jakisoni mawu asanathe, n'kuika dzanja pachifuwa cha galu kuwerenga. Atadula ulusi womaliza, Adokotala anatambasula dzanja.

"Inki."

"Adokotala, nthawi…"

"Inki, ndati."

Analemba kamzereko. Kanachedwa zaka zisanu ndi zitatu.

Kasitomala anamugoneka pabulangete m'chipinda chotsitsimukira, mabotolo a madzi ofunda m'mbali mwake. Ankapuma, koma kupuma kwake kunali kwa apo ndi apo, kochita kudikirira. Nyama zinatsala makumi awiri, ndipo ntchito sinaime. Adokotala ankamaliza nyama imodzi, n'kuvula magolovesi, n'kuthamangira kukasuzumira, n'kubwerera. Agalu amene anachitidwa pambuyo pake anadzuka, anadzandira, anasanza, anatengedwa ndi eni ake. Amphaka anayamba kutukwana m'makatoni. Kasitomala anali gone. Adokotala anamukweza chikope, anamutsina pakati pa zala, anasintha mabotolo amene Anamwino anali atangosintha kumene. Pemphero linkayamba mumtima koma silinkafika pa ameni.

Ulendo wachisanu ndi chimodzi anakumana ndi a Bilimankhwe pakhomo.

"Achimwene, munanena zoona m'mawa. Ndinakunyozani pamaso pa anthu. Ndikhululukireni."

"Zapita zimenezo. Koma mukundipondera mapazi, Adokotala. Zotsalazi timaliza ine ndi Anamwino. Inu pali munthu pabenchi paja amene palibe wamuuza kanthu chifikireni."

Kumeneko ndi kumene miyendo yawo inkakana kupita tsiku lonse. Khonde linali litapepuka. Bambo wosoka nsapato anali pamalo pomwe paja, chingwe cha galu atachikulunga kudzanja. Ataona Adokotala anaimirira n'kuvula chipewa.

"Wapita?"

"Ayi, bambo, ali moyo. Koma sanadzuke, ndipo sindikudziwa ngati adzuke."

Anawafotokozera zonse choimirira, osakometsera: kuti galuyo anali wotseka kale, kuti anamutsegula pachabe, kuti mnzawo anachenjeza iwo n'kukana kumva, ndi kuti amene anamutseka kalelo osasiya chizindikiro ndi iwo omwe.

Bambowo anapotokola chipewa.

"Ndiye mwasomola nsapato yabwinobwino kuti muone ngati inasokedwa?"

"Ndi momwemo."

"Ndipo wosoka woyambayo ndinu nomwe."

"Ndine."

"Mukanangonena kuti ndi ena, ine ndikanadziwira kuti?"

"Simukanadziwa."

"Hm." Anavala chipewa, anachivulanso. "Ine mtima ukundiwawa, amayi, ndisakunamizeni. Ndinati musandiwonongere. Koma zokalipa tiziona pambuyo. Ndiloleni ndikakhale naye."

Lamulo lina la Adokotala ndi lakuti eni nyama salowa m'chipinda chotsitsimukira. Anawatsogolera okha. Bambowo anakhala pansi pasimenti, anaika dzanja pakhosi pa galu n'kuyamba kumuuza nkhani: kuti nsapato za aphunzitsi aja sizinatengedwebe, kuti wogulitsa nthochi wafunsa za iye. Adokotala anagwira dilipi, anapita pazenera, anabwerera, anatuluka kukaona a Bilimankhwe, anabweranso, anagwiranso dilipi.

"Amayi."

"Bambo?"

"Nsapato yanu yakumanzere ikulankhula. Chiyambire m'mawa ndikuimva ikudutsa, phwa, phwa, phwa. Yayasama kutsogolo. Vulani."

"Ayi, musavutike, ndilibe nthawi."

"Mukuchizunguza chipinda, galu wanga akulephera kupeza njira yobwerera. Vulani, ndapota nanu. Manja angawa akapanda chogwira ndiyamba kulira, ndipo ndikalira ine n'zonyansa."

Anavula. Bambowo anatulutsa singano ndi ulusi wa phula m'thumba la malaya. Munthu wa nsapato imodzi sayenda m'chipatala momwe pansi pamagwa masingano. Adokotala anaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, anatsamira khoma, ndipo kenako, chifukwa panalibe china chochita, anatsetsereka n'kukhala pansi.

Amalume anadutsa ndi ndowa, anaima, anabwerera m'mbuyo kuti aonetsetse.

"Anamwino! Tabwerani mudzaone. Kamvuluvulu wagwa!"

"Amalume, ndikumva."

"Ndikudziwa, Adokotala. Ndanenera dala, poti simungandithamangitse."

Kukhala pansi kunali kowawa kuposa kuthamanga. Mawondo ankafuna kunyamuka okha. Panalibe choti manja achite, ndiye anangowerenga mpweya wa galu, kulowa, kudikira, kutuluka. Pambali pawo ulusi unkalira polowa m'chikopa, fwii, kenako kukoka, fwii. Bambowo ankasoka pang'onopang'ono, ndipo Adokotala, amene amadziwa kusoka, anaona kuti akuchedwetsa dala. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo pemphero linayenda mpaka kumapeto. Silinali lalitali. Anangoti, Ambuye, cholakwa n'changa, musalipiritse galu.

"Analipo yekhayu?" anafunsa bambowo osadzutsa mutu.

"Analipo asanu ndi awiri."

"Enawo ali kuti?"

"Sindikudziwa."

Atamaliza kusoka anatembenuza nsapatoyo n'kuigogoda pasimenti ndi chigwiriro cha singano kuti ulusi ukhazikike, monga amachitira tsiku lililonse pantchito pawo. Go, go, go. Khutu la galu linagwedezeka.

Onse awiri anaona. Bambowo anagogodanso. Go, go. Mchira unadzuka pang'ono n'kugwanso pabulangete. Kenako diso linatseguka, lofiira, losadziwa kumene lili, linayendayenda mpaka linapeza mwini wake.

"Kasitomala," anatero bambowo. "Wagona pantchito, iwe. Ndikudula malipiro."

Adokotala anakweza mlomo wa galu. Nkhama zinali zitayamba kufiira. Anafuna kudumpha kuti akaitane Anamwino, koma nsapato inali ikadali m'manja mwa eni ntchito, ndiye anangokuwa ali pansi pomwepo.

Dzuwa litapendeka analemba pepala la eni nyumba. Analembapo masiku awiri, la lero ndi la zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, n'kusayina pawiri ponse. Anawauza bambowo kuti galuyo agone pachipatala masiku awiri chifukwa cha mtima, ndipo iwo azibwera nthawi iliyonse imene afuna.

"Za kukalipa zija," anatero bambowo ali pakhomo, "ndidzabwera nazo Lolemba. Lero ndatopa."

"Ndidzakhala ndikudikira."

"Mudzadikire chokhala."

Asanatseke, Adokotala anasonkhanitsa anzawo atatu n'kuwonjezera lamulo: galu wamkazi wa pakamwa potuwa, wotoledwa mumsewu, wopanda kamzere, asakhudzidwe ndi mpeni mpaka a Bilimankhwe atavomera, ngakhale atatenga miyezi itatu akumvetsera wayilesi yawo. Anamwino anati izi n'zofunika kuzilemba pakhoma ndi inki yobiriwira. Amalume anati iwo akukumbukira msika umene anagwirako agalu a tsiku lija, ngati ukadalipo.

Kuchoka pachipatala kukafika pokwerera basi ndi mtunda wa mphindi khumi, ndipo Adokotala amauyenda mphindi zisanu ndi imodzi. Tsiku limenelo nsapato inali yolimba, yosalankhula, koma anafika mochedwa. Kuseri kwa malo ogulitsira nyama kunagona galu wamkazi wokalamba, nthiti zili poyera. Anaima, ananjuta, anamuitana ndi kamluzu. Galuyo anawayang'ana, anadzuka mwaulesi n'kulowa pansi pa lole. Anawerama kuti aone pamimba, koma kunali mthunzi. Basi inafika, inaimba hutala, inapita. Kutsidya kwa msewu, pafupi ndi mulu wa zinyalala, kunadutsa wina wotsimphina, nayenso wa pakamwa potuwa. Adokotala anayang'ana uku ndi uku, n'kuwoloka.